MUSANAGULE MAKINA A BLU-RAY, YAMBANI MWAONA ZIBOO ZA KUMBUYO KWACE

Wolemba Mlembi Wathu ku Lusaka

Mwezi wa August ukafika, mabasi ocokera ku Chipata, Lundazi, Katete ndi Petauke amatula pa Intercity alimi ambiri amene angogulitsa dzinthu zao. Ena amadzagula malata, ena njinga, enanso amangodzaona ana ao okhala m'makomboni a mzinda uno wa Lusaka. Pakati pa alendo otere mu August 2025 panali amalume anga a ku Katete, bambo wa zaka zoposa 60, mlimi wa cimanga ndi soya amene satulutsa ngwee asanaifunse kumene iri kupita. Anafikira kwathu ku Mtendere, ndipo pa tsiku lacitatu ndinawaperekeza ku Matero kukaceza kwa mnzao wakale amene anaphunzira naye sukulu.

Tinacita mwai kuti madzulo amenewo magetsi analipo. Mwini nyumba, pofuna kusangalatsa mlendo, anayatsa wailesi ya kanema yaikulu yopyapyala, natenga cimbale m'kabokosi ka buluu, naciika m'makina akuda amene mwana wace wogwira nchito ku Johannesburg anamtumizira. Inali filimu ya nyama za m'chire. Amalume anasendeza mpando kufupi nakhala duu kwa nthawi yaitali. Ubweya wa mkango unali kuoneka umodzi-umodzi, ndipo nchenche zotera pamphuno pace munthu akadatha kuziwerenga.

Pobwerera m'minibasi anandigwira dzanja nati, "Mphwanga, makina aja ndiwafuna. Mnzanga akuti amagwira intaneti, ndiye kuti mafilimu azingobwera okha kumudzi popanda kugula zimbale. Mawa undiperekeze m'tauni."

Ine ndinati, "Tipita amalume, koma tsiku loyamba ndalama zitsale kunyumba."

Zimene tinapeza m'masiku awiri oyenda m'misika ndizo ndifuna kuuza inu abale a kumidzi, pakuti amalume sali okha amene amva mbiri ya makina amenewa.

KODI BLU-RAY NCIANI?

Akuluakulu akumbukira masiku amene galimoto ya Zambia Information Services inali kufika pamudzi dzuwa litapendeka, kupacika nsaru yoyera ndi kuonetsa baisikopo. Pambuyo pace kunadza makaseti a vidiyo, kenaka zimbale za VCD ndi DVD zimene zinalowa m'nyumba zambiri za m'makomboni ndi za kumidzi komwe. Blu-ray ndiye mdzukulu wa zonsezi. Anaikonza ndi makampani angapo ogwirizana, pakati pao Sony ndi Panasonic a ku Japan ndi Philips ya ku Netherlands, ndipo makina ace oyamba oonera mafilimu m'nyumba anayamba kugulitsidwa mu 2006. Panali mpikisano ndi mtundu wina wochedwa HD DVD wa kampani ya Toshiba, koma mu February 2008 a Toshiba anagonja nausiya.

Poyang'ana ndi maso, cimbale ca Blu-ray ndi ca DVD nzofanana kukula, masentimita 12. Kusiyana kuli m'kalembedwe kace. M'cimbale muli timaenje tosaoneka ndi maso, tondandalikidwa m'mzere wozungulira, ndipo makina amatiwerenga ndi kuwala kosongoka kochedwa laser. Makina a DVD ali ndi laser yofiira, pamene a Blu-ray ali ndi ya buluu, ndipo dzinali linacokera pamenepo. Nsonga ya kuwala kwa buluu njaing'ono koposa ya kuwala kofiira, cotero timaenje tija tikhoza kucepetsedwa ndi kuthithikana, monga mlimi amene wafupikitsa mizere nalowetsa mapando ambiri m'munda womwewo. Cimbale wamba ca DVD cimasunga magigabaiti 4.7, ca Blu-ray cimasunga 25, ndipo ca nsanjika ziwiri cimasunga 50.

Malo ocurukawo ndiwo amabala cithunzi coyera cimene cinadabwitsa amalume. Cithunzi ca pa wailesi ya kanema cimapangidwa ndi timadontho. Pa DVD ya kwathu kuno timadontho tiripo 720 m'litali ndi 576 m'mwamba, koma pa Blu-ray tiripo 1,920 ndi 1,080, ndiye kuti kucuruka kasanu. Mu 2016 kunaturukanso mtundu wina wochedwa Ultra HD Blu-ray, umene umafuna makina ace-ace ndi wailesi ya kanema ya 4K. Makina a Blu-ray amawerenganso zimbale za DVD ndi CD za nyimbo zimene muli nazo kale, ngakhale ena amakana VCD. Koma makina a DVD sangawerenge cimbale ca Blu-ray ngakhale pang'ono.

CIBOO COYAMBA

Tisanalowe m'masitolo ndinayamba ndawatengera amalume ku Kanyama kwa mnyamata wina wokonza mawailesi, amene kashopu kace kadzaza ndi makina akufa mpaka kudenga. Iye sanafunse za ndalama. Anafunsa cabe kuti, "Atate, kumudzi muli ndi TV yotani?" Amalume anayankha monyadira kuti ali ndi ija ya cimsana, yolimba, imene yakhala zaka zoposa 15 osadwalapo.

Mnyamatayo anatenga makina a Blu-ray amene munthu wina anabweretsa, nawatembenuza. Kumbuyo kwace kunalibe ziboo zitatu zija tinazizolowera pa DVD, cacikasu, cofiira ndi coyera. Kunali kaciboo kamodzi kopyapyala kolembedwa HDMI. Nthambo ya HDMI imanyamula cithunzi ndi mau pamodzi, ndipo imalowa pa mawailesi a kanema amakono opyapyala okha. Izi sizinacitike mwangozi. Eni mafilimu, poopa anthu okopera, anapangana ndi opanga makina kuti makina onse opangidwa caka ca 2013 citatha asakhalenso ndi njira yakale yoturutsira cithunzi. Kuli timabokosi tosinthira HDMI kuti ilowe pa wailesi yakale, koma nthawi zina timakana, ndipo ngakhale titabvomera, cithunzi cimabwerera kukhala ngati ca DVD. Ubweya wa mkango uja suonekanso.

Apa amalume anazindikira kuti cimene anaona ku Matero sicinali mphamvu ya makina okha, koma ya zinthu zitatu pamodzi: makina, cimbale ceni-ceni ca Blu-ray, ndi wailesi yaikulu yamakono. Cikasowapo cimodzi, ziwiri zinazo zagwa mphwayi.

NANGA INTANETI IJA?

Tsono tifike pa nkhani imene inawakopa mtima. Pa makina ambiri a Blu-ray pali ciboo cina ca ngodya zinai colembedwa LAN, cofanana ndi ca lamya ya pa waya koma cokulirapo. Ena ali ndi Wi-Fi, ndiye kuti amalumikizika popanda nthambo. Ziwirizi ndi khomo cabe. Makinawa alibe polowetsa simu khadi, ndipo sangagwire netiweki ya MTN, Airtel kapena Zamtel paokha monga icitira foni. Pamafunika kabokosi kena kochedwa rauta, kamene kamalandira intaneti kucokera ku kampani ndi kuigawa m'nyumba, kapena foni imene mwini wace waitsegula hotspot kuti igawireko zinzace. Intaneti imeneyo siidza yaulere. Mnzao wa amalume wa ku Matero, titamfunsa bwino pa foni, anabvomera kuti ciyambire makina ace sanawalumikizepo. Zimene anauza mlendo wace anangoziwerenga pa katoni, ndipo ali ndi zimbale 6 zokha zimene mwana anabwera nazo.

Khomolo likatseguka, cimalowa nciani? Coyamba ndi mapulogalamu oonetsa mafilimu ocokera kutali, monga YouTube ndi Netflix. Kampani ya Netflix inayamba kufika m'Zambia mu January 2016, ndipo sindinama, muli zinthu zimene munthu wa kwathu angakondwe nazo. Mu 2019 anaonetsa filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind, yosimba za William Kamkwamba wa ku Kasungu m'Malawi amene anapanga makina a magetsi oyendera mphepo, ndipo mbali yaikuru ya zokambirana zace iri m'Cicewa. Mu 2023 anaikamo Can You See Us?, filimu ya m'Zambia yosimba za mabvuto a mwana wacialubino, ndiponso Supa Team 4, makatuni a ana amene nkhani yace icitikira m'Lusaka.

Koma taonani mtengo wace. Netflix imafuna malipiro a mwezi ndi mwezi, ndipo pamwamba pace pali mabandulo. Eni ace amanena okha kuti kuonera kwa ola limodzi kumadya gigabaiti imodzi pa cithunzi wamba, ndi kufikira magigabaiti 3 pa cithunzi coyera ca HD. Filimu imodzi ya maola awiri, yoyera ngati ija ya ku Matero, ikhoza kumeza magigabaiti 6 usiku umodzi. Inu amene mumagula bandulo ya sabata ndi kuisunga ngati mcere, werengerani nokha. YouTube siilipiritsa pa mwezi koma mabandulo imadya cimodzi-modzi. Ndiponso cithunzi coyera cimafuna netiweki yothamanga, mamegabiti 5 pa sekondi, yosadukiza. Pamudzi pamene munthu amakwera pa culu kuti amve mau a mwana wace pa foni, filimu yotere imayenda pang'ono, kuima, kuzunguliza kampira pakati pa galasi, kuyendanso, mpaka oonera atatopa nabalalika. Nzoona kuti intaneti ya Starlink yodzera m'mlengalenga inafika m'dziko muno mu 2023 ndipo imagwira ndi kumidzi komwe, koma imafuna zipangizo zace zogula padera, malipiro a mwezi ndi mwezi, ndi magetsi osazima.

Pali cinanso cimene wogulitsa sangakuuzeni. Mapulogalamu amenewa amakalamba msanga koposa makina. Eni ace akasintha kacitidwe ka zinthu, amatsekera kunja makina akale, ndipo a Netflix acita zotere kangapo konse pa mawailesi a kanema ndi makina a Blu-ray a zaka za m'mbuyomu. Cotero mukhoza kugula makina ogwirapo kale nchito, pa rimoti pali batani lolembedwa Netflix ndi zilembo zofiira, koma polikanikiza nkungoona uthenga wakuti pulogalamuyi siigwiranso pa makina ano. Cimodzi-modzi BD-Live, dzina limene mudzaliona pa makatoni ambiri. Iyi inayamba mu 2008 monga njira yakuti cimbale cizitenga pa intaneti zoonjezera monga timasewera ndi zidutswa za mafilimu atsopano, koma anthu sanaikonde ndipo makampani a mafilimu anaileka pang'ono-pang'ono. Musaonjezere ngwee kaamba ka zilembo zimenezo.

Nchito ina ya khomo lija ndiyo kulandira malangizo atsopano ocokera ku kampani yopanga makina. Nthawi zina cimbale catsopano cimakana kuyamba kufikira makina atalandira malangizo otere. Imeneyi ndi nchito yabwino, ndipo pa makina ambiri ikhoza kucitikanso ndi fulashi popanda kulumikiza. Koma khomo lolowera mankhwala ndilo limalowanso matenda. Mu June 2020 makina ambiri a Blu-ray a kampani ya Samsung m'maiko osiyana-siyana anayamba kungoyaka ndi kuzima okha osalekeza, kaamba ka kafaelo kolakwika kamene anakalandira pa intaneti, ndipo eni ace anayenera kuwatumiza kwa okonza a kampaniyo. Wa ku London anatumiza. Nanga wa ku Chadiza akadatumiza kuti?

Komabe pali mbali imodzi ya kulumikiza imene ine ndiiyamikira, pakuti siidya bandulo. Makina ena ali ndi cimene amacicha screen mirroring kapena Miracast: zimene ziri pa galasi la foni ya Android yobvomerezana nawo zimaonekera pa wailesi ya kanema, popanda nthambo ndiponso popanda intaneti. Ena ali ndi DLNA, imene imatenga zithunzi, nyimbo ndi mavidiyo osungidwa m'foni kapena m'kompyuta ya m'nyumba momwemo kudzera pa rauta, ngakhale rautayo iribe bandulo. Amalume atamva izi maso anawala, pakuti adzukulu ao amajambula magule pa Kulamba ku Mkaika caka ndi caka, ndipo banja lonse limapanikizana mitu pa kafoni kamodzi. Mnyamata wa ku Kanyama anangowaonjezera kuti mawailesi a kanema ambiri amakono amacita zomwezo paokha, popanda makina ena pakati.

ZIMBALE ZACE ZIRI KUTI?

Tsiku laciwiri tinaliyamba ndi kufuna zimbale, pakuti makina opanda cimbale ali ngati mtondo wopanda munsi. Tinayenda ku Town Centre, ku City Market ndi ku Kamwala, kenaka tinakwera basi ya ku Chawama. Zimbale zolembedwa Blu-ray pa cikuto tinaziona, zina zolonjeza mafilimu 10 kapena 20 m'cimbale cimodzi. Pa msika wina ku Chawama ndinapempha wogulitsa kuti ayese cimodzi, ndipo iye anaciika m'makina ace a DVD, cinayamba bwino lomwe. Pamenepo mlandu unatha wokha. Cimbale cimene cayamba m'makina a DVD ndi DVD, cingalembedwe dzina lotani pamwamba. Ndipo mafilimu 20 opanikizidwa m'malo a filimu imodzi cithunzi cace cimakhala ca mbuu koposa DVD yeni-yeni. Zimbale zeni-zeni za Blu-ray m'misika imene tinayenda sitinazipeze, ndipo amene ali nazo m'makomboni kawiri-kawiri anacita kutumiziridwa ndi abale a kunja.

Ngakhale filimu ya mwana wa kwathu iri tero. I Am Not a Witch, imene Rungano Nyoni wobadwira m'Lusaka anaturutsa mu 2017 ndipo inalandira mphoto ya BAFTA ku Britain mu 2018, anaijambula m'Zambia ndipo muli Cinyanja cambiri. Pa Blu-ray inaturuka ku Britain. Oyimba athu, makwaya a m'machalichi ndi ocita masewero oseketsa, amene nchito zao ndizo zimakondedwa kumidzi, anaturutsa zao pa CD ndi DVD, ndipo tsopano ambiri amangoziika pa YouTube ndi pa mafoni.

Inu amene muli ndi ana kunja, mverani izinso. Opanga zimbale anagawa dziko lapansi m'zigawo zitatu, A, B ndi C. Africa yense ali m'cigawo B pamodzi ndi Ulaya, Australia ndi maiko a Aluya. America ndi Japan ali m'cigawo A, pamene China, India ndi Russia ali m'cigawo C. Cimbale cokhomedwa ca cigawo A sicingayambe m'makina a cigawo B. Si zonse zokhomedwa, koma cilembo cimakhala kuseri kwa cikuto, ndipo mwana wogula ku America ayenera kuciyang'ana. Pa DVD magawidwe ace ngosiyananso: Zambia iri m'cigawo 5, pamene South Africa ndi Britain ziri m'cigawo 2.

Za zimbale zokopera, lamulo la dziko lino la Copyright and Performance Rights la 1994 limaletsa, ndipo mu 2013 Boma linayambitsa kacizindikiro konyezimira ka hologram pa zimbale zobvomerezeka. Makina a Blu-ray nawonso ali ndi mlonda wao m'kati. Kuyambira mu 2012 makina atsopano amakhala ndi cinthu cochedwa Cinavia, cimene cimamva cizindikiro cobisika m'mau a mafilimu ena. Cikazindikira kuti filimuyo njokopera, cimailola kuyenda mphindi ngati 20, kenaka mau zii, anthu pa galasi nkumangoyasamula pakamwa. Ambiri amathamangira kwa okonza poyesa kuti makina afa, pamene makinawo ali kucita zimene anawapangira.

KACIBOO KAMENE KAMAGWIRA NCHITO YAIKURU

Pa ziboo zonse, cimene cimatumikira anthu a m'makomboni tsiku ndi tsiku ndi ca USB, polowetsa fulashi, cimene pa makina ambiri ciri kutsogolo. Ku Kalingalinga, ku George ndi kwina konse, zimbale zacepa pa matebulo a ogulitsa, ndipo nyimbo, maulaliki, mavidiyo a maukwati ndi a miyambo zimayenda pa fulashi ndi pa memori khadi. Fulashi ya magigabaiti 32 njaing'ono ngati cala, koma imasunga zambiri koposa cimbale ca Blu-ray ca nsanjika imodzi, siikalika, ndipo mukhoza kufufuta ndi kuikamo zina. Makina a Blu-ray amawerenga mafaelo ambiri odziwika monga MP4, MP3 ndi zithunzi za JPEG, ngakhale akale amakana mavidiyo ena ojambulidwa ndi mafoni atsopano. Wogula atenge fulashi yace m'thumba ndi kuiyesa pomwepo m'sitolo. Koma apanso funso nlomwe lija: wailesi ya kanema yopyapyala pafupi-fupi iriyonse iri ndi ciboo ca USB cace-cace. Ngati colinga canu ndi fulashi, mwagula kale zonse pogula wailesiyo.

Ndinaseka ndekha titadutsa pa kanyumba ka masewera ku Mtendere, m'mene anyamata amalipira kuti acite mpira wa pa galasi. Makina a PlayStation 3, PlayStation 4 ndi PlayStation 5 yokhala ndi polowetsa cimbale onse amawerenga mafilimu a Blu-ray. Ndiye kuti makina a Blu-ray ali mbwee m'makomboni mwathu kwa zaka zambiri, ndipo palibe amene anawasowerapo tulo.

MAGETSI NDI PFUMBI

Makina a Blu-ray sadya magetsi ambiri, kawiri-kawiri mawati 10 kufikira 20, ndipo wailesi ya kanema ndiyo imadya koposa. Bvuto ndi mtundu wa magetsi. A ZESCO amapereka mavoti 230, koma makina ogulidwa ku America ambiri anapangidwira mavoti 120, ndipo mukawalumikiza osawerenga kapepala ka kumbuyo, mudzamva pfungo la kupserera. Kumudzi kumene mudalira sola ndi batire ya mavoti 12 pafunika invata, pokhapokha makinawo akhale a mtundu wolandira mavoti 12. M'tauni namonso si mwa mtendere. Cilala ca 2024, cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anacilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse mu February caka cimeneco, cinacepetsa madzi ku Kariba kotero kuti makomboni ena anali kukhala maola oposa 20 pa tsiku opanda magetsi. Magetsi akamabwera modzidzimutsa amaocha zipangizo, ndipo mulu wa makina akufa m'kashopu ka ku Kanyama ndiwo mboni. Zimani pa khoma magetsi akapita.

Pfumbi ndi mdani wina. Zolembedwa za pa Blu-ray ziri pafupi kwambiri ndi khungu la cimbale, cotero opanga amacikuta ndi cophimba colimba, koma zala za mafuta ndi pfumbi pa diso la laser zimacititsa filimu kudumpha. Mnyamata uja anatiuza kuti diso la DVD likafa amalipeza mosabvuta m'tauni, koma la Blu-ray amacita kudikira makina ena akufa kuti acotsemo.

Kusowa kwa zipangizoku kuli ndi cifukwa cace. Opanga ali kucoka m'malonda amenewa mmodzi-mmodzi pakuti anthu a m'maiko olemera asamukira ku mafilimu a pa intaneti. Kampani ya Oppo inaleka kupanga makinawa mu 2018, Samsung inaleka kuturutsa atsopano mu 2019, ndipo LG inatsatira kumapeto kwa 2024. A Sony, pamene anaturutsa makina ao a UBP-X700/K mu 2025, anacotsamo Wi-Fi ndi mapulogalamu oonera mafilimu a pa intaneti. Eni ace omwe aona kuti wogula makina a zimbale masiku ano afuna zimbale, za intaneti amazipeza pa wailesi ya kanema kapena pa foni.

Sindinena kuti makinawa ngacabe. Cimbale ceni-ceni mukacigula ncanu mpaka kale-kale, siciima pakati kudikira netiweki, sicifuna bandulo, ndipo cithunzi ndi mau ace zimaposa za mafilimu ambiri a pa intaneti. Mphunzitsi kapena wa nchito ya Boma amene ali ndi magetsi odalirika, wailesi yaikulu ya HDMI ndi mbale wokhoza kumtumizira zimbale za cigawo B, agule ndipo adzakondwa. Koma mlimi ayambe wacita samu iyi: mu 2025 a Food Reserve Agency anali kugula thumba la cimanga la makilogalamu 50 pa K340. Aphatikize mtengo wa makina, wa wailesi yatsopano, wa nthambo ya HDMI, wa invata ndi wa zimbale, agawe ndi 340, aone kuti ndi matumba angati acoka m'nkhokwe.

Amalume anacita samuyo usiku, pa cikuto ca buku la mwana wanga, ndi pensulo, kawiri konse. M'mawa mwace anati, "Mphwanga, mkango uja ukhale ku Matero komweko. Ndikaufuna ndidzabwera kudzauona."

Tinabwerera ku Kamwala ndi ndalama tsopano. Anagula wailesi ya kanema yopyapyala ya mainchesi 24 yolandira mavoti 12, ataitembenuza okha ndi kuwerenga ziboo zace ndi cala: HDMI, USB, ndi zitatu zakale zija kuti DVD yao ya kumudzi ilowepo. Anagulanso fulashi imodzi, nauza wogulitsa kuti ayese zonse pamaso pao ndi kulemba lisiti yokhala ndi nambala ya wailesiyo. Zotsala anazimanga pa mpango kuti ndi za feteleza. Anakwera basi ya m'mamawa, katoni iri pamiyendo, atakana kuti iikidwe pansi pamodzi ndi katundu wina.

Kulamba itapita, pa Sabata madzulo, anandiyimbira foni ali pa culu cao cija. Adzukulu anali atasamutsira mavidiyo a magule pa fulashi kwa mnyamata wa kompyuta pa Katete boma, ndipo pakhomo panasonkhana anthu osacepera 30, ena atanyamula mipando yao. Amai okalamba anadziona okha pa galasi ali kuomba m'manja, naseka mpaka misozi. Koma batire inatha nthawi isanakwane 21 koloko, gule ali pakati. Tsono andituma kuti Loweruka likudzali ndipite ku Kamwala ndikafunse mtengo wa batire yaikulu, ndipo ndisalipire kanthu ndisanawauze.